Tsiku Limene Ndinabereka Apongozi a Mnzanga

Anthu a kwathu akafuna kuseka mpaka nthiti kuwawa safuna mowa ayi. Wina amangotchula thumba la nyemba, nkhuku ndi chithaphwi cha nkhumba, basi onse n'kutembenukira kwa ine. Zaka zapita, tsitsi langa layera, koma nkhaniyi yakana kukalamba. Ndiye ndati ndiifotokoze ndekha, chifukwa ena akamaikamba amathiramo mchere wambiri (alipo wina amauza anthu kuti ndinalira ngati mwana, pomwe ine ndinangotuluka misozi basi, ndiponso sizinachitike pamalo amene iye amanenapo).

Zinachitika patangopita zaka ziwiri kapena zitatu Apwitikizi atanyamuka. Ine ndinali mkamwini m'mudzi wina chakumunsi kwa Majaua, m'mbali mwa Ruo. Mkazi wanga Rozalina anali ndi khanda kumsana, mwana wathu woyamba Lusiya. Ine chuma changa chinali khasu limodzi, mphasa imodzi ndi kalasi yachinayi ya ku mishoni. Kalasi yachinayiyo ndi imene inandipweteka. Chipwitikizi ndinkachiyankhula mokweza, ngakhale poitana galu.

Ku chikamwiniko ndinali ndisanakhazikike kwenikweni, popeza ndinali nditapalamula kale kawiri. Koyamba ndinatentha tchire pofuna kuphunzitsa anthu kulambula, moto n'kulowa m'munda wa nandolo wa eni. Kachiwiri ndinaonetsa anthu kathiridwe ka mankhwala m'nkhokwe, nkhuku zitatu n'kufa. A Tome, malume ake a Rozalina, anandiitanira pambali n'kundiuza mofatsa ngati akundifunsa za mvula.

"Bambo a Lusiya, kawiri takhululuka. Kachitatu mudzapeza khasu lanu ndi mphasa zili kunja kwa mpanda, zikuloza njira ya kwanu."

Kwathu ndi ku Molumbo, kutali ndithu, ndipo Rozalina ndinkamukonda zoopsa. Ndinalumbira mumtima kuti kachitatu sikadzafika.

Tsono muyenera kuwadziwa apongozi anga, mayi Firimina. M'mudzi umenewo mwambo wa kupewana unali wolimba. Mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sawakhudza, sayankhula nawo mwachindunji. Mukakumana m'njira, wina amapatukira kutchire. Zaka zitatu zathunthu ndinkawadziwa ndi zidendene komanso chifuwa chawo cha m'mawa. Akafuna kundiuza kanthu ankauza nkhuku. Anali ndi thadzi lawo lofiira lopanda nthenga m'khosi, dzina lake Kameta, limene silinkawachoka pamapazi. Ine ndikamadutsa, ndinkangomva:

"Iwe Kameta, uwauze anthu ena kuti denga la khitchini likudontha."

Anthu enawo ndinali ine. Ndinkayankha ndikuyang'ana mtondo: "Uwauze kuti lamveka." Ndipo zinthu zinkayenda bwino lomwe (ndikhoza kunena kuti sindinayambanepo ndi apongozi anga, koma ndi nkhuku ndinayambana nayo kangapo).

Dzinja la m'mbuyo mwake Ruo anali atasefukira n'kukokolola nyumba za mudzi woyandikana nawo, ndipo agogo awiri amene sankatha kuthamanga anapita ndi madzi. Tonse tinakhuza nawo maliro amenewo, ndipo mantha anatitsalira. Chilimwe chitafika, mlembi wa komiti ya mudzi, kamarada Bonifasiyo, anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wokonda kufunsa mafunso amene mayankho ake ali nawo kale.

"Makamarada! Madzi ndi mdani ngati mdani wina aliyense. Mdani timamugonjetsa ndi chiyani?"

Ine, amene ndinayenera kukhala kumbuyo monga mlendo, ndinakweza dzanja n'kukuwa: "Oruganizasau!" Ndiko kuti dongosolo, mwa Chipwitikizi.

"Nayu munthu!" anatero a Bonifasiyo, akundiloza. "Kuyambira lero kamarada uyu ndiye resiponsavelo, mkulu woyang'anira za madzi osefukira. Viva kukonzekera!"

"Viva!" anayankha mudzi wonse, wosangalala kuti ntchito yagwera wina.

Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Wanga unakula tsiku lomwelo, moti pobwerera kunyumba ndinkayenda ngati njira yandichepera.

Malamulo ndinawalemba pa pepala long'amba ku thumba la simenti, ndipo ndinene zoona, anali malamulo abwino. Nyumba iliyonse ikhale ndi mtolo womangiratu pafupi ndi chitseko: bulangete, mchere, machesi, mbewu zodzala, ndi makalata a ubatizo m'kachitini kotseka. Tinakatenga chitsulo cha gudumu la thirakitala chimene mzungu wina anasiya pa munda wake, n'kuchipachika pa mtengo wa mango uja. Chikalira, aliyense asiye chimene wagwira, anyamule mtolo, awoloke khwawa n'kukwera kaphiri ka kuseri kwa mudzi. Ndipo pokumbukira agogo awiri aja ndinawonjezera lamulo limene ndinalinyadira kuposa onse: mwamuna aliyense abereke kumsana wokalamba wa pakhomo pake. Anthu anaomba m'manja. Nditaledzera ndi m'manjamo ndinaikaponso lina, lakuti tidzayeserera tsiku limodzi, koma tsikulo adzalidziwa a Bonifasiyo okha.

"Madzi satumiza kalata, makamarada!" ndinatero, ndikugwedeza chala.

Madzulo ake tikudya chinangwa, Rozalina anandifunsa osakweza n'komwe maso.

"A resiponsavelo, pakhomo pano wokalamba ndani?"

Ndinasiya kutafuna. Apongozi aamuna anamwalira kalekale. Alamu anga onse anali ku chikamwini kwawo, midzi ina. Mwamuna pakhomopo ndinali ine ndekha, ndipo wokalamba anali mmodzi yekha, wa bondo la nyamakazi, amene ngakhale chithunzithunzi chake sindinkaloledwa kuchiponda.

M'mawa mwake ndinathamangira kwa a Bonifasiyo ndi nzeru. Ndinati okalamba ena, makamaka olemekezeka, tiziwanyamula pa machila, anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, osakhudzana.

"Machila?" A Bonifasiyo anaimirira. "Machila, kamarada? Bambo anga anapindika msana ponyamula mzungu wa msonkho pa machila kuchokera kuno mpaka ku boma. Iwe ukufuna kuwabweretsanso? Abasho machila! Atheretu!"

"Abasho," ndinayankha motsitsa.

Ndinaganiza za wilibala. Mudzi unali nayo imodzi, yokhala ndi zonse kupatula gudumu. Ndinaganiza za njinga yobwereka, ndipo ndinaitchula mokweza pafupi ndi khitchini kuti nkhuku imve. Yankho silinachedwe: "Kameta, ine njinga sindinakwerepo, ndipo sindidzayambira pa ya anthu amene anatentha nandolo."

Mpulumutsi wanga anali Jasinto, mkamwini mnzanga wa kumtunda kwa mudzi. Ndinamupeza akusula khasu, nkhope ili khwinya, ndipo tisanalonjerane n'komwe ndinadziwa kuti tikudwala nthenda imodzi.

"Epa, achimwene, mwatipha ndi lamulo lanu lija," anatero. "Ine ndibereke a Dominga? Ndiyambira pati?"

Apo m'pamene nzeru ya kalasi yachinayi inawala. "Jasinto, apongozi ako kwa ine ndi mayi wamba. Anga kwa iwe chimodzimodzi. Tisinthane."

Jasinto anagwetsa nyundo. Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kuvomera mwachangu chimene chikanayenera kundichenjeza. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati munthu wochenjera kwambiri mu Zambeziya yense. Sindinaganizeko zoti a Dominga ndi mayi wodalitsika, wolemera ngati matumba awiri a chimanga, pomwe mayi Firimina mphepo ya mwera ikanatha kuwakankha. Rozalina anakawauza amayi ake za mgwirizanowo. Nkhuku inangouzidwa kuti "Hmm."

Tsiku lake linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Anthu atangoweruka kumunda, chitsulo chinalira.

Abale anga, mukanaona! Mitolo ija anthu anali atamanga ndithu, koma chitsulo chitalira aliyense ananyamula chimene mtima wake unkakonda. Bambo wina anazula chitseko n'kuthamanga nacho, ati ndicho chokha anagula ndi ndalama. Mayi wina anasenza mtsuko wa mowa wosapsa, ukukhavukira kumsana. A katekisiti anatuluka ndi belu la tchalitchi likulira m'khwapa, anthu ena n'kumayesa kuti kwayambanso ngozi yachiwiri. Mbuzi zinkathamanga nafe limodzi osadziwa chifukwa. Gogo wina anakana kuberekedwa ndi mdzukulu wake, ati madzi enieni iye amawadziwa ndi fungo, ndipo awa ndi abodza. Anapita naye akadali pa mpando.

Ine ndinathamangira kumtunda. A Dominga ndinawapeza pakhonde akudya mango, mtolo uli pambali.

"Muluku, Mulungu wanga! Ndiwe kamwana iwe amene anditumizira?" anatero, akundiyang'ana miyendo. "Chabwino, werama."

Atakwera, ndinamva mafupa anga akukambirana. Mumtolo mwawo, monga ndinadziwira pambuyo pake, anali ataikamo mwala woperera, ati mchere ndi machesi akazipeza kwa anzawo koma mwala wotere kulibenso. Tinanyamuka. Njira ya kukaphiri inkadutsa kutsogolo kwa mpanda wathu, ndipo ndikudzandira pamenepo ndinaona ndi kona ya diso zidendene ziwiri zimene ndinkazidziwa, zikulendewera pa mtondo wovundikira. Apongozi anga anali atakhala pamwamba pa mtondo kuti wowanyamula asavutike kuwerama, mtolo pamiyendo, dengu la Kameta m'khwapa. Ndinatembenuzira nkhope kumbali monga mwambo ufunira. Ndinati mumtima, Jasinto ali m'njira.

Ulendo wa paphiripo sindiufotokoza wonse. A Dominga ankaimba nyimbo ya Chilomwe, akumandimenya m'nthiti ndi zidendene kuti ndigwire kayendedwe kake, madzi a mango akundiyenderera m'khosi. Ndinafika womaliza, lilime lili panja, anthu n'kuomba m'manja kuti resiponsavelo waonetsa chitsanzo. Ngakhale ndinkaona mdima, ndinamwetulira.

A Bonifasiyo anatsegula kope n'kuyamba kuitana mayina. Aliyense ankayankha, ena mwa Chipwitikizi, ena mwa Chinyanja, gogo wa pa mpando uja n'kuyankha ndi chitonzo.

"Mayi Firimina!"

Zii.

"Mayi Firimina!"

Ndinamwaza maso kufuna Jasinto. Mkazi wake ndiye anayankha, akubisa nkhope m'nsalu: "Ali kutsidya. Awoloka m'mamawa ndi nyemba, akasinthe ndi sopo ku Malawi. Sanadziwe kuti ndi lero."

Akanadziwa bwanji? Madzi satumiza kalata.

A Bonifasiyo ananyowetsa pensulo ndi lilime, n'kulemba akuwerenga mokweza: "Mayi Firimina, apita ndi madzi."

Amayi a m'mudzi umenewo sindidzawakhululukira. Nthawi yomweyo anayala nsalu n'kuyamba maliro abodza, akugubuduzika ndi kuseka. "Mayi wathu ine! Wamira pa chilimwe! Mkamwini wapulumutsa wa eni, wake wasiya!" A Dominga ndi amene ankatsogolera. Rozalina yekha sankaseka. Anali atakwera ndi mwana kumsana ndi mtolo pamutu, pokhulupirira mawu anga. A Tome anandiyang'ana, kenako anayang'ana chakumene kuli njira ya ku Molumbo, n'kundiyang'ananso.

Phiri limene ndinakwera ngati nkhono ndinalitsika ngati mwala. Pofika pa mpanda ndinali nditapeza kale nzeru ina (mwaona kuti nzeru sizinkandithera, ndilo linali vuto langa). Ndinatola thumba lopanda kanthu limene munali nyemba, n'kulivala kumutu mpaka m'mapewa. Ndinati kukhudza kokha ndilakwe, koma kuona ndisaone. Ndinalowa chambuyo, ndikupapasa ndi mapazi, mpaka chidendene changa chinagunda mtondo. Ndinanjuta.



"Kameta," anatero mawu kumbuyo kwanga, "funsa ngati madzi aphwa."

"Uwauze akwere," ndinayankha m'thumbamo.

"Funsa ngati msanawo wazizira, poti unali ndi eni ake."

"Uwauze kuti mudzi wonse ukudikira."

"Uwauze kuti inenso ndimadziwa kudikira."

Komabe anakwera. Atatsamira pa ine ndinadabwa, pakuti ankapepuka ngati mtolo wa bango. Munthu wopepuka chonchi ndi amene ndinamuthawa n'kukasenza a Dominga ndi mwala wawo.

Tinanyamuka, ine maso mulibe, iwo akuyendetsa kudzera mwa nkhuku. "Kameta, chitsa kumanja." Ndinkapatuka. "Kameta, nthambi." Ndinkawerama. "Kameta, uwauze kuti abereka munthu, osati nkhuni." Ndinkachepetsa liwiro. Zinayenda bwino kwambiri moti mwendo uja unayambanso kukula. Ndinaganiza kuti njira imeneyi ndidzailemba pa pepala la simenti, akamwini onse aziitsatira, mwinanso a ku boma adzabwera kudzaiona. Ndinayamba ngakhale kuthamanga pang'ono.

Tsono thumba la nyemba limakhala ndi fumbi lake. Tikuyandikira khwawa, mphuno inayamba kuyabwa. Ndinapirira, ndinaluma mlomo, koma zinakanika. Ndinayetsemula kamodzi kokha, koma kwamphamvu, thupi lonse n'kugwedezeka. Dengu linapendekeka. Ndinamva "kwee, kwee, kwee!" ndi mapiko akuphupha, phokoso likunka kutali.

Kenako bata.

Ine ndinati batalo likutanthauza kuti njira yawongoka, ndiye ndinapitiriza. Kumsana kwanga kunamveka kutsokomola. Ndinati ndi chifuwa chawo chija. Anatsokomolanso, mokweza. Anandifinya m'nthiti ndi mawondo, ine n'kuganiza kuti akuti ndifulumire monga ankachitira a Dominga. Pambuyo pake anauza Rozalina kuti anamwaza maso ponseponse kufuna chamoyo choti atume, galu kapena buluzi, koma dzuwa la Okutobala linali litabisa zonse. Ankaona bwinobwino kumene tinkapita. M'khwawa lonselo malo okhala ndi madzi anali amodzi okha, chithaphwi chimene nkhumba za mudzi wonse zinkasambamo.

Chubwi!

Thumba linavuka pogwa. Nditapukuta matope m'maso ndinapeza nkhope ili pafupi ndi yanga, kutalika kwa chikhatho. Zaka zitatu za kupatukira kutchire zinathera pamenepo. Ndinaona kuti ali ndi mpata pakati pa mano wofanana ndendende ndi wa Rozalina. Iwo anayang'anitsitsa mphuno yanga, ngati munthu amene wapeza kumene mdzukulu wake anatengera vuto. Nkhumba ina yaikulu, imene tinaisokoneza tulo, inadzuka n'kutiyang'ana. Apongozi anapumira m'mwamba ngati aona mbale wawo.

"Iwe nkhumba, uwauze anthu ena kuti bondo langa lili pansi pa mwendo wawo."

Pamwamba pa khwawa panamveka mfuu. Mudzi wonse unali utatsika kudzationa, ndipo unaona zonse. Ena anakhala pansi ndi kuseka. A katekisiti anagwetsa belu. A Bonifasiyo, poti ntchito ndi ntchito, analemba m'kope kuti pa kuyeserera konseko, m'mwezi wopanda dontho la mvula, anthu amene ananyowa ndi awiri, resiponsavelo ndi apongozi ake.

Mlandu unakhala tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Pobwera kosamba ndinaona khasu langa ndi mphasa zitatsamizidwa pa khomo la mpanda, osati kunja, osati mkati. Kuseka konse kunandithera. Ndinayang'ana Rozalina akuyamwitsa Lusiya, ndipo ndinachita mantha enieni.

A Bonifasiyo anayesa kundithandiza. "Makamarada, miyambo yakale imeneyi ndiyo ikutibweza m'mbuyo. Abasho..."

"Kamarada," anadula a Tome, "boma lanu lithere pa mpandapo. Muno ndi mwa achemwali anga." Anatembenukira kwa apongozi, amene anakhala pa mphasa atatifulatira, Kameta (wogwidwa m'munda wa chinangwa) ali pamiyendo. "Achemwali, munthu uyu wakukhudzani, wakuonani kumaso, wakugwetsani m'matope pamaso pa mudzi. Nenani."

Apongozi anasisita nkhuku ija nthawi yaitali.

"Kameta, zoti andiona kumaso ndilibe nazo mawu. Nkhope siitha ndi kuyang'anidwa. Matope ndasamba. Koma uwauze kuti ine ndinakhala pa mtondo paja ndi mtolo wanga, monga anatiphunzitsira iwo omwe. Mudzi wonse unadutsa. Mbuzi zinadutsa. Kenako ndinaona mwamuna wa mwana wanga akudutsa ndi mayi wa eni kumsana, nkhope atatembenuzira kumbali kuti andilemekeze. Ndinati, Firimina, akanakhala madzi enieni bwenzi ulemu umenewu utakupha."

Palibe anaseka. Ndinakumbukira agogo awiri aja, ndipo manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa a m'chithaphwi. Ndinagwada. Inde, ndinagwadira nkhuku, mudzi ukuona.

"Kameta, uwauze kuti ndalakwa. Uwauze kuti madzi akadzabwera, msana uwu ndi wawo, wina sadzaukweranso."

A Tome anatsokomola. "Achemwali, khasu lituluke?"

"Lituluke lipite kuti? Ndiye adzandinyamula ndani, Jasinto?"

Anthu anaphulika. Chigamulo chinali chakuti ndipereke tambala wotsegula maso, kuti thumba lisadzafunikenso, ndipo Loweruka lililonse mpaka mvula itagwa ndiziwakweza apongozi kukaphiri ndi kuwatsitsa. Zoyankhulana zokha zinatsala m'manja mwa Kameta. Rozalina anadzuka mwakachetechete, n'kutenga khasu ndi mphasa kukaziika m'nyumba.

Akamwini ena ataona zimenezo anasiya zofuna kusinthana. Aliyense anapita ndi tambala kwa apongozi ake, moti m'mudzimo atambala anasowa, ndipo kwa miyezi ingapo tinkadzuka mochedwa. Jasinto anapereka awiri, poganiza kuti mwina a Dominga amumvera chisoni n'kusiya mwala uja. Sanausiye.

Ine Loweruka lililonse ndinali pa njira. Ndinadziwa chitsa chilichonse ndi mwala uliwonse woterera. Ndimakayikira kuti apongozi ankawonjezera miyala mumtolo sabata ndi sabata, chifukwa bango lija linayamba kulemera, koma ndani akanafunsa nkhuku funso lotero? A Dominga akationa ankakuwa: "Kamwana iwe, ine nthawi yanga ndi liti?"

Madzi enieni anabwera mu Febuluwale, masana dzuwa likuwala kwathu. Kumapiri kutsidya kunali kutada masiku atatu. Ndinali kudimba pamene ndinamva mkokomo ngati malole ambiri akubwera pamodzi, kenako chitsulo. Ulendo uno palibe anazula chitseko. Ndinataya khasu n'kuthamanga. Apongozi ndinawapeza ali kale pa mtondo, mtolo pamiyendo, koma dengu lopanda kanthu: Kameta anali atapita kukaikira kumene ankadziwa yekha. Apongozi anayang'ana dengu, anayang'ana ine, n'kulitaya.

Njira yonse sitinayankhule, ndipo panalibe chofunika kunena, mapazi ankadziwa okha. M'khwawa madzi anali kale m'mawondo, ofiira, akukoka. Ndinamva manja awo akundigwira m'khosi mwamphamvu, ndipo ndinawoloka. Pamwamba a Bonifasiyo anaitana mayina, mawu aakulu aja akunjenjemera, ndipo dzina lililonse linayankhidwa. Jasinto anali gone chagada pa udzu, a Dominga akumupepeza ndi nsalu. Pansi pathu madzi ankatenga nyumba za kumunsi, khitchini yathu ya denga lodontha ija, ndi chithaphwi cha nkhumba chomwe.

Ndinawatsitsa apongozi pa mwala. Anakonza nsalu yawo, n'kundiyang'ana m'maso.

"Mwananga, mwandinyamula bwino."

Apa m'pamene misozi ija inatuluka. Osati m'chithaphwi, monga amanenera wabodza uja.

Masiku atatu tinakhala pakaphiri, ndipo masiku atatuwo ndinali mwanawo. Tinakambirana za mbewu zimene tinapulumutsa, za malo omangapo khitchini yatsopano, ngakhale za nandolo uja, n'kuseka. Tsiku lachinayi madzi ataphwa tinatsika. Pamwamba pa nkhokwe, imene inapendekeka koma osagwa, panali kanthu kofiira, kowonda, kopanda nthenga m'khosi. Apongozi anafuula ngati aona mwana wotayika. Ndinakwera ndekha kukamutsitsa (ndikuvomereza kuti ndili pamwambapo maganizo ena oipa anandifikira). Anamukumbatira, anamupukuta matope, kenako anandifulatira bwinobwino.

"Kameta, uwauze anthu ena kuti pa chitsa paja anandigwedeza. Loweruka tikuyambiranso."

Ndinafuna mtondo woti ndiyang'ane, koma unali utapita ndi madzi. Ndiye ndinangoyankha msana wawo: "Lamveka, amayi." Iwo sanatembenuke, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Ngati pali chimene ndinaphunzira n'chakuti usanalembere mudzi lamulo uyambe wawerenga zidendene za pakhomo pako, ndipo mnzako akavomera msanga kusinthana katundu, kayambe wamuyeza katunduyo. Koma zokweza dzanja pa msonkhano, pepani, sindinasiye. Rozalina mpaka lero tikapita ku msonkhano amakhala kumanja kwanga, atagwira mkono.